Kwa mwana wanga amene akukayamba ntchito ku Gulupu

Mwana wanga wokondedwa,

Mawa ukukwera basi ya ku Blantyre, ndipo ndikudziwa kuti padepoti sipadzakhala mpata wolankhulana bwino. Za kupemphera, za anzako oyenda nawo ndi za kasungidwe ka ndalama tinakambirana kale bambo ako ali pomwepo. Chatsala ndi chinthu chimene anthu salangizana kawirikawiri poyesa kuti n'chaching'ono: nsapato zimene uzivala kuntchito.

Unamwino ndi ntchito ya miyendo. Ku chipatala cha Gulupu makonde ndi aatali, mawodi ndi otalikirana, pansi ndi pouma gwa, ndipo tsiku limene wagwira usiku udzayendayenda pakati pa mabedi mpaka kunja kuyere. Munthu amene phazi likumupweteka sachedwa kupsa mtima. Wodwala amene wakuitana kachitatu pakati pa usiku sadziwa kuti chidendene chako chatuluka thuza, iye amangomva mmene wamuyankhira. Ine zaka zonse zimene ndaima pabolodi ndaona aphunzitsi abwino akukalipira ana popanda chifukwa pofika masana, vuto lili kumapazi. Sindifuna kuti ulemu umene tinakuphunzitsa uthere m'nsapato yothina.

Pogula, usapite m'mawa. Mapazi amatupa pang'ono dzuwa likamapendeka, makamaka ukakhala utaima nthawi yaitali, choncho nsapato yokukwana bwino 8 koloko m'mawa imakuluma pofika 4 koloko madzulo. Pita ukaweruka, utavala masokosi omwewo amene uzivala kuntchito. Uyese mapazi onse awiri, chifukwa anthu ambiri phazi lina limakulirapo, ndipo ugule potengera lalikululo. Ukavala, imirira, usayese uli chikhalire. Pakati pa chala chako chachitali ndi nsonga ya nsapato patsale malo okwana chala chachikulu cha kumanja chitapingasa, ndipo zala zizitha kugwedezeka momasuka. Kumbuyo kuzigwira chidendene osavukavuka. Wogulitsa akakuuza kuti itambasuka ukamaivala, muthokoze, uibweze, upite pena. Imene yakupweteka pamsika idzakupwetekanso m'wodi.

Nambala usaikhulupirire kwambiri. Nsapato za kaunjika zimachokera m'mayiko osiyanasiyana ndipo aliyense amawerenga mwakemwake: imene ku Britain amailemba 6, mayiko ena a ku Ulaya amailemba 39, pamene ku America ya azimayi yofanana nayo imakhala cha m'ma 8. Phazi lako ndilo likuuze zoona.

Ndikudziwa kuti malipiro oyamba amachedwa ndipo akabwera amakhala atagawidwa kale. Kugula pa kaunjika ku Limbe si manyazi, ndipo kumeneko kumapezeka nsapato zachikopa zolimba kuposa zina zatsopano zonyezimira zimene zimasupuka mwezi usanathe. Koma uzisankha ndi maso ndi manja omwe. Itembenuze uone kunsi kwake. Ngati yadyeka mbali imodzi, isiye, chifukwa yatengera kayendedwe ka mwini wake woyamba ndipo izikupotoza phazi mpaka bondo ndi msana zidzamve. Ipinde: izipindika kutsogolo pamene zala zimapindikira, osati pakati ngati nsanza. Lowetsa dzanja m'kati upapase ngati mulibe msoko wotukuka kapena kamsomali. Ukafika nayo kunyumba, uyipukute bwino m'kati ndi kuyiyanika isanakhudze phazi lako. Ulowenso m'sitolo ya Bata ufunse mitengo usanasankhe, kuti pokambirana ndi wa kaunjika ukhale ukudziwa pamene zatsopano zikuyambira.

Pali zina zimene ntchito yakoyo siilola ngakhale mtengo utatsika bwanji. Nsapato ikhale yotseka kutsogolo ndi pamwamba, yopanda timabowo, chifukwa m'wodi mumagwa singano, mumatayika magazi ndi mankhwala. Kunsi kukhale kwa labala wokhala ndi mizere, kuti usaterereke pamene angokolopa kumene. Chidendene chikhale chachifupi ndi chotakata, masentimita 2 kapena 3 basi. Gogoda uja unavala pa tsiku lolandira satifiketi umusungire maukwati. Koma zopyapyala zosalala ngati patapata nazonso si zabwino, zimatopetsa pansi pa phazi chifukwa palibe chokutchinjiriza ku simenti. Za mtundu, funsa asisita oyang'anira wodi yako usanatulutse ndalama, akuuze umene umaloledwa ndi yunifolomu.

Ukapeza ndalama mwezi wachiwiri kapena wachitatu, ugule peyala ina kuti uzisinthanitsa. Nsapato yovalidwa tsiku ndi tsiku siuma thukuta, imayamba fungo, ndipo chinyezicho ndicho chimabweretsa zilonda zoyabwa pakati pa zala. Masokosi uzisintha tsiku lililonse, ndipo ukasamba uzipukuta pakati pa zala mpaka pouma. Nyengo ya mvula, matope a kumene ukakhaleko uziponda ndi nsapato ina, ya kuntchito ili m'chikwama. Polishi asakusowe. Kunsi kukayamba kutha usadikire kuti kubooke, osoka nsapato ali paliponse m'tauni ndipo kukonzetsa n'kotchipa kuposa kugula ina.

Ukafika kunyumba, usanayambe kuphika, gona chagada kwa mphindi 15 miyendo utaikweza pakhoma kapena pa mapilo. Magazi amene anatsikira kumapazi amabwerera, kutupa kumachepa. Mitsempha ikayamba kutukuka m'miyendo kapena chidendene chikamabaya ukangotsika pabedi m'mawa, usapirire mwakachetechete poti ndiwe namwino. Uonane ndi dokotala, uli nawo pafupi.

M'thumba la m'kati la chikwama chako ndaikamo envelopu. Ndalama zimenezo ndi za nsapato zokha, usagulire mbale kapena makatani, zimenezo tidzaona mwezi wamawa. Ukagula undiimbire, undiuze kumene wazipeza ndi mmene wayendera nazo sabata yoyamba. Azakhali ako akakuchingamira ku depoti ya Wenela, uwapatse moni wanga.

Ndine mayi ako.