Mbaula Igone Panja, Mwana Wanga

Chitala, Salima
Lamulungu usiku

Mwana wanga wokondedwa,

Kalatayi ndaipinda m'kati mwa bulangeti lofiira lija kuti uyipeze usiku woyamba, ukamayala pogona ku Misuku. Pakamwa zandikanika. Madzulo ano tikuthothola mtedza pakhonde ndinayamba kawiri konse, koma mawu amangothera pakhosi, iwe n'kumayesa kuti ndikulira chabe poti ukuchoka. Inde, kuchoka kwakoko kukundiwawa, koma si kumene kwandidzutsa pakati pa usiku uno, bambo ako ali mkonono, ine ndili ndi tochi ndi pepala la m'kope lako lakale.

Chandidzutsa ndi mbaula. Usadzagone ndi mbaula m'nyumba, mwana wanga, kaya kuzizire chotani.

Za msuweni wako, mwana wa amalume ako, unangomva kuti wafa mwadzidzidzi. Unali ku koleji, unafika tsiku loika, anthu akunong'onezana za ufiti. Panalibe ufiti pamenepo. Foni ya uthengawo ndinalandira ndine, poti amalume ako anali kudimba. Inali 8 koloko m'mawa, mwezi wa Juni. Aphunzitsi aakulu a kumene ankaphunzitsa, kumapiri a Dedza cha ku Bembeke, anati sanaoneke kusukulu, anagogoda osayankhidwa, mpaka anathyola chitseko. Ndinapita nawo kokatenga thupi, ndipo chipindacho ndinachiona ndi maso angawa. Kunsi kwa chitseko anatsekako ndi thaulo kuti mphepo isalowe. Pawindo anakhomapo katoni. Mbaula inali pafupi ndi bedi, phulusa lokhalokha, ketulo ili pamwamba. Makope a ana a Sitandade 6 anali pampando, ena atachonga kale, cholembera chofiira chili pakati pa kope limene analekezera. Iye anali chigonere cham'mbali ngati khanda, atafunda bulangeti limene ndinam'gulira ine ku Kamuzu Road. Mowa sankaudziwa, matenda analibe. Anangozizidwa basi.

Tinatsika naye pa Khwekhwerere mpaka ku Golomoti. Titafika kuchigwa kutentha kunatiwomba kumaso, amalume ako n'kuyamba kulira mokweza, akuti mwanayo akanangokhala kuno kotentha.

Achipatala anatifotokozera bwinobwino, ndipo ndikufuna uzimve monga ndinazimvera ine. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya woipa umene iwo amati carbon monoxide. Suoneka, sununkha, sutsokomoletsa ngati utsi wa nkhuni. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Poyamba mutu umawawa, kenako chizungulire, nseru, miyendo kulefuka, ndi tulo tokoma. Munthu amati ndatopa chabe, n'kudzifunditsa. Makala ofiira bwino aja, amene timati ayera alibe utsi, ndi omwewo amene amapha. Akuluakulu akamati tsoka silinunkha ndinkayesa ndi mawu chabe, koma chipinda chija chinalibedi fungo lililonse.

Iwe ndi iye ndinu amodzi, ana a kunyanja. Wakulira kuno kumene mu Okutobala timatulutsa mphasa n'kugona pabwalo, kumene madzi a mu mtsuko amafunda okha dzuwa lisanafike paliwombo. Juzi unayamba kuvala uli ku sekondale, nayonso inali ya yunifolomu chabe. Kuzizira kwenikweni sukukudziwa, ndipo ukupita mu Meyi, chisanu chikuyamba kumene.

Za ku Misuku ndinazimva kwa bambo wina wa ku Chitipa amene ankagwira ntchito ndi bambo ako pa siteshoni ya kafukufuku wa zaulimi kuno ku Chitala. Ankatiseka ndi thukuta lathu, akutiuza kuti kwawo nkhungu imakhala pamapiri mpaka dzuwa litakwera, ndipo nthawi zina nyumba ya mnzako suyiona ili pafupi pomwepo. Ankatchula nkhalango za Mughese, Matipa ndi Wilindi ngati mayina a abale ake. Minda ili pamatsitso, munthu amalima chopendekeka. Amalima khofi amene amagulitsa kudzera ku kopaletivi ya Mzuzu Coffee, nthochi, nyemba ndi mawere. Njala si kwenikweni, ndipo zimenezo zikundikhazika mtima pansi. Koma ndi kutali, mwana wanga. Udutsa Nkhotakota, Dwangwa, Nkhata Bay ndi Mzuzu, utsike ku Chiweta mpaka ku Karonga, kenako msewu wa ku Chitipa, n'kukapatukira pa Kapoka kukwera mapiri. Mvula ikagwa, mtunda umenewo galimoto zimaterereka, ndipo chipatala chachikulu chili ku boma ku Chitipa. Ukadzuka usiku mutu ukuwawa, adzakunyamula ndani? Ine ndidzafika liti, ulendo wa masiku awiri?

Ndiye tamvera. Phika pakhonde kapena kukhitchini. Ngati ufuna kuotha, otha chitseko chili chotsegula, ndipo nthawi yogona ikakwana tulutsa mbaula panja, uthire madzi, uone ndi maso kuti yazima. Osaibweza m'nyumba poti makala otsalawo angabedwe. Abedwe, ndidzakutumizira ya ena pa Airtel Money. Mphako za pamwamba pa khoma usazitseke ndi nsanza. Wiritsa madzi, uthire m'botolo lolimba, ukulunge m'chitenje, uike kumapazi. Ndakuikira masokosi awiri a bambo ako, chipewa cha ulusi ndi mabulangeti atatu, limodzi ndi lija la paukwati wanga, usaliseke kuti ndi lakale. Tsiku lina ukadzamva mutu ndi chizungulire uli pafupi ndi moto wa makala, usati ndigone kaye. Kwawa mpaka panja, uitane anthu.

Ine kuzizira ndinakulawa ndili ndi zaka 17, pamene ananditumiza ku Mvera kukadwazika azakhali anga. Pamenepo ndi pafupi pomwepa, pamsewu wopita ku Lilongwe, koma usiku woyamba ndinalira, mano akugundana, ndili ndi chitenje chimodzi. Tinkagona mozungulira moto m'kanyumba ka udzu, utsi n'kumatulukira kudenga, mphepo n'kumalowera m'mbali mwa chitseko cha bango. Tinkadzuka maso ali psuu, zovala zikununkha utsi, koma tili moyo. Nyumba za aphunzitsi zamakono n'za simenti, malata ndi mawindo a galasi. Ukatseka watsekadi. Choncho wina akadzakuuza kuti agogo athu ankagona ndi moto osafa, udzamuyankhe kuti nyumba zawo zinkapuma.

Zina zonse uli nazo kale m'mutu, sindichulutsa. Kwa eni suyenda modzikweza: phunzira Chisukwa ndi Chindali ngakhale azikuseka, kuyambira moni. Usakongole kwa akatapila, ndipo khadi lako la kubanki lisagone m'thumba la munthu wina. Tchalitchi ukachipeze sabata yoyamba yomweyo. Mwamuna wobwera usiku ndi mawu okoma umuuze kuti kwanu kuli amalume. Ana a eni usawamenye, ambiri amafika atayenda mtunda wautali m'mame opanda nsapato. Upeze mayi mmodzi wamkulu woti azikudzudzula, safunsa anadya phula. Mayi ameneyo ukamuuzenso za mbaula, azikuyang'anira madzulo, umuuze kuti ndapempha ndine.

Za pakhomo pano usade nazo nkhawa. Mwendo wa bambo ako ukuchepa kutupa, mbuzi yoyera ija iswa mwezi uno, thonje tiyamba kutola sabata yamawa, mlongo wako akuwerenga za mayeso a MSCE ngakhale mpira wam'lowa m'mutu, denga la nkhokwe tikonza tikagulitsa mtedza. Agogo ako akuti usaiwale kuwatumizira khofi alaweko. M'kathumba kobiriwira muli usipa wouma, ufa wa mtedza wotendera ndi mbewu pang'ono ya mtedza umene umatchedwa Chitala, ukapatse amene adzakulandire, adziwe kumene wachokera.

Ukudziwa kuti ndinakubereka ndili ndi malungo, mvula ikugwa, mtsinje wa Chitala utadzaza, bambo ako akundikankha panjinga? Unabadwa wochepa ngati botolo la Fanta, anamwino n'kundiuza kuti ndizikuika pachifuwa usiku ndi usana kuti usazizidwe. Miyezi iwiri ndinakufunditsa ndi thupi langa. Lero ukupita kumene thupi langa silingafike, ndipo chimene ndikuopa n'chakuti usiku wina wa Julayi udzakhala wekha, zala zitauma, makope ali mulu, n'kunena kuti lero lokha ndilowetse, kwa ola limodzi basi. Msuweni wako nayenso anali wanzeru, anaphunzira kuposa ife tonse. Ndikhulupirira naye anati lero lokha. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Ndakhala ndikunyadira ntchito yakoyi chilandirire kalata yokuitana ku ntchito ija. Unadikira nthawi yaitali utamaliza maphunziro a uphunzitsi, ukugulitsa mandasi pamsewu anthu akukunena. Sindikuti usapite. Pita, ukaphunzitse ana a kumapiriwo, akakukonde monga tikukondera ife. Koma ubwerere, mwana wanga. Holide ya Ogasiti ndikufuna ndidzakuone ukutsika minibasi ndi miyendo yako, utanenepa ndi nthochi, ukudandaula kuti kuno kukutentha.

Ndikukupempha chinthu chimodzi. Usiku uliwonse usanagone, ukatulutsa mbaula, undiflashe kamodzi. Sindikufuna mayunitsi ako, kungolira kamodzi foniyo ndidziwa kuti moto uli panja. Ngati netiweki ikuvuta, m'mawa ukwere pachitunda undiflashe kawiri. Ndikapanda kumva ndidzaimbira aphunzitsi aakulu, undikwiyire ngati ufuna. Maliro a kumapiri ndinatsika nawo kamodzi, mtima wanga sungathenso kachiwiri. Chonde mayi anga, chonde mwana wanga, ndagwira mwendo wako. Uzizidwe, unjenjemere, undilirire pafoni usiku wonse, ndidzakumvera mpaka kuche. Koma mbaula igone panja.

Ambuye akutsogolere pa ulendo wako.

Ndine mayi ako.