Kamtengo ka m'phale kamene kamafuna chisanu

Tsiku limene ndinatsika basi pa Nyimba, nditasiya ntchito ya m'galadeni ku Lusaka, anyamata onyamula katundu anaseka mpaka kugwira nthiti. Chinawaseketsa ndi timitengo tisanu timene ndinatikulunga m'masaka onyowa, tosafika n'komwe m'bondo. "Amdala, mpaka nkhuni kukagula ku Lusaka? Kwa Mwape mitengo inatha?" Ndinangowapatsa ya nthochi n'kupitiriza ulendo wotsikira kuchigwa.

Mtengowo ku Lusaka timautcha Pride of India, ena amati crepe myrtle. Akatswiri a zomera amati Lagerstroemia indica, dzina limene katswiri wina, Linnaeus, anaupatsa mu 1759 pokumbukira mnzake Magnus von Lagerström. Kwawo kwenikweni ndi ku China ndi mayiko oyandikana nako. Ine ndinaudziwira m'mipanda ya ku Kabulonga, kumene umachita maluwa m'dzinja, ena apinki, ena oyera, onse okwinyika ngati nsalu yosasita. Mayi wokalamba amene ndinkamugwirira ntchito ndiye anandiphunzitsa kuusunga m'phale. Luso limeneli ndi bonsai, liwu la ku Japan lotanthauza chomera cha m'mbale, ngakhale kuti iwonso anatengera kwa anthu a ku China.

Anthu amaganiza kuti pali mankhwala. Mlamu wanga mpaka anandifunsira kumbali: "Alamu, kamtengo aka simunakachite zachikuda?" Palibe mankhwala, ndipo mbewu yake si yapadera. Mukakachotsa m'phale n'kukabzala pansi, zaka zochepa kapitirira denga.

Ndimayamba mu Julaye, mtengo utayoyola masamba. Ndimadula nthambi yonenepa ngati chala, yotalika chikhatho chimodzi ndi theka, n'kuizika mumchenga wa kumtsinje pamthunzi. Mtengo uwu suvuta kugwira. Ikamera mizu sindithamangira phale, chifukwa m'phale thunthu silinenepa. Ndimaibzala pansi, koma pamwamba pa mwala wafulati, kuti mizu isalowe pansi koma iyale m'mbali ngati zala za nkhuku. Imakhala pamenepo zaka ziwiri kapena zitatu, ine n'kumaidula mutu chaka chilichonse kuti thunthu likhale lalikulu kumunsi, lowonda kumtunda. Kenako mu Ogasiti, maso a nthambi akangoyamba kutupa, ndimaizula, kudula mizu yaikulu, n'kusiya tating'ono tonga ubweya timene timamwa madzi.

Dothi la pachulu limene amayi amalikonda pa ndiwo zamasamba, kuno ndi mdani. Limagwirana, mizu n'kuwola. Ine ndimasakaniza njerwa zootcha zophwanya, mchenga wokhakhala, timakala, ndi manyowa a ng'ombe owolerana pang'ono chabe. Mapale amandiumbira mayi wina woumba mbiya, ndipo poyamba anakana kuboola pansi. Anati mbiya yobooka ndi manyazi kwa woumba.

Waya wopindira nthambi ndimasenda ku zingwe zakale zamagetsi. Kuwongola mtengo m'poyamba, ndipo kwa uwu n'zoona kwambiri: nthambi ikakhwima siipinda, imangoti thyo! Komanso khungwa lake ndi lopyapyala. Chaka china ndinaiwala waya dzinja lonse, ndili kalikiliki ndi kupalira thonje. Pokauchotsa unali utalowa m'nthambi, ndipo chipseracho chilipo mpaka lero, chozungulira ngati chibangili. Khungwalo ndilo chuma cha mtengowu. Ukakula limasendeka lokha, pansi pake n'kutuluka thupi loterera lamawangamawanga. Ku Japan amautcha sarusuberi, kutanthauza kuti ngakhale pusi amaterereka akamakwera. Anyani a kuno kwathu sanauyesebe. Mbuzi ndizo zinayesa, n'chifukwa chake timitengo tonse timakhala pathandala lalitali kuposa la mbale.

Maluwa amabwera kunsonga kwa nthambi zatsopano. Mukamatsina nsongazo kuti kamtengo kakhale kogwirana, maluwa simuwaona. Mukazisiya, kamachita maluwa koma kamaoneka ngati mwana wosameta. Chaka chilichonse ndimasankha chimodzi. Koma ine, kunena zoona, maluwa sindiwo amandigoneka mochedwa. Ndi masamba.

Ku Lusaka, masika akamatha, cha mu Meyi ndi Juni, masamba a kamtengo kanga ankasanduka achikasu, kenako ngati lalanje, kenako psuu ngati makala amoto. Chaka choyamba kwa Mwape ndinadikira. Meyi anadutsa, Juni anadutsa. Masamba anangofwifwa, kupsa m'mphepete, n'kugwa ngati fodya wouma. Ndinaganiza kuti ndi madzi a pachitsime chathu. Ndinaganiza za nguwi yoyera ija imene imagwira mtengowu ukakhala pamthunzi popanda mphepo. Sizinali zimenezo.

Nkhani ndi chisanu. Mtengo ukamakonzekera kugona umabweza chakudya kuchokera m'masamba kupita kuthunthu, ndipo kubiriwira kuja kumazimirira, n'kutsala chikasu chimene chinabisala. Koma kufiira kumachita kupangidwa: masana dzuwa liwale kuti tsamba lipange shuga, usiku kuzizire kuti shugayo atsakamire momwemo. Lusaka ali pamtunda, mamita oposa 1,200. Ife tili m'chigwa cha Luangwa, kumene ngakhale mu Juni chisanu chimangotinunkhiza, ndipo pofika Okutobala phale limatentha moti simungaligwire. Nthawi imeneyo ndimathirira katatu patsiku, n'kukwirira mapale mumchenga wonyowa.

Zina ndinaphunzira n'kukonza. Feteleza wa yureya ndimalekeza mu Malichi, chifukwa mtengo wokhuta umakakamira kubiriwira. Masika akafika ndimachepetsa madzi pang'ono, osati mpaka kufota, n'kuika mapale poyera pamene dzuwa la m'mawa limafika, kutali ndi khoma limene limasunga kutentha usiku. Zinathandiza, ndinapeza chikasu chabwino. Kufiira ayi.

Chinanditsegula maso ndi tchire lathu lomwe. Tsanya, mtengo wa m'chigwa muno, masamba ake aja onga gulugufe amasanduka agolide ndi ofiirira mvula ikatha, osadikira chisanu chambiri. Mukakwera kumtunda, mitengo ya mombo imachita zosiyana: imafiira mu Ogasiti ndi Seputembala, ndipo ofiirawo ndi masamba atsopano, osati okalamba. Ndinakulira pakati pa zimenezi osaziona, mpaka kamtengo kachilendo katandikaniza. Tsopano pathandala pali tsanya awiri ndi kamlambe kamene ndimakasiya kouma chilimwe chisanafike, chifukwa mlambe wopanda masamba ukauthirira umawola. Tsanya ndi wamakani, muzu wake waukulu safuna kuti udulidwe, ndipo atatu anandifera ndisanadziwe kuudula pang'onopang'ono.

Koma Pride of India sindinamutaye. Mlongo wanga anakwatiwa ku Petauke, kumtunda, kumene m'mawa wa mu Juni munthu amafuna moto. Chaka chilichonse mu Epulo ndimamanga mapale awiri m'katoni, kupakira udzu m'mbali, n'kukawasiya pakhonde pake kuti akagone chisanu. Chaka choyamba anandiimbira foni mawu akunjenjemera.

"Achimwene, bwerani msanga. Kamtengo kanu kakufa. Masamba onse afiira ngati magazi, ndathira madzi kawiri koma sizikusintha."

Ndinamuuza kuti asathirenso, ndipo asalole ana kuthothola ngakhale tsamba limodzi. Kutacha ndinabwereka njinga yamoto.