Liwiro Lili ndi Malo Ake

Achinyamata ambiri a ku Kitwe ndi ku Ndola sadziwa kuti dera lino la migodi linali ndi mabwalo a mpikisano wa magalimoto. Ku Garneton, kufupi ndi Kitwe, kunali bwalo. Ku Ndola kunalinso lina, ndipo ku Chingola kunali lotchedwa Lawrence Allen. Poyamba anali masewera a azungu a m'migodi, ife tikuonerera tili kunja kwa waya. Dziko litalandira ufulu mu 1964, zipata zinayamba kutseguka, ndipo ine, mwana wa ku Katete amene ndinabwera ku Kitwe kudzaphunzira umakaniko, ndinali mmodzi mwa amene analowa.

Galimoto yanga inali Ford Anglia yakale imene ndinagula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Injini yake ya 997cc ndinaichotsa n'kuikamo ya Cortina. Ndinazula mipando yonse kupatula wanga, ndipo mnzanga wodziwa kuwotcherera anandimangira mapaipi achitsulo m'kati, oti anditeteze ikagubuduzika.

Mayi a kunyumba atamva za maganizo angawa anakhala chete kwa masiku awiri. Tsiku lachitatu anati, "Bambo, sindikuletsani. Koma ndalama ya ufa ndi ya sukulu musaikhudze, ndipo muzibwera kuno mukuyenda ndi miyendo yanu." Pangano limeneli ndinalisunga. Matayala ndi petulo zinkachokera ku maganyu a madzulo, ndipo mwezi wosowa ganyu, Anglia inkagona pansi pa mtengo wa mango.

Anthu amaganiza kuti mpikisano ndi kuponda mafuta basi. Ayi ndithu. Usanalowe m'bwalo, akuluakulu a kalabu ankayendera galimoto yako: mabuleki, chiwongolero, malamba, chipewa cholimba ndi chozimitsira moto. Akapeza nati imodzi yokhwepa, unkabwerera kwanu. Pa ngodya iliyonse pankaima munthu wa mbendera. Yachikasu inkatanthauza kuti kutsogolo kuli ngozi, chepetsa liwiro ndipo usapitirire mnzako; yabuluu inkati wothamanga kuposa iwe ali m'mbuyo; yofiira inkaimitsa mpikisano wonse. Wonyoza mbendera ankachotsedwa, kaya ndi bwana wa pa mgodi kaya ndi makaniko ngati ine.

Luso lenileni linali pa ngodya. Umaponda buleki galimoto ikadali yolunjika, kenaka n'kuisiya, n'kukhota mofatsa, ndipo mafuta umawapondanso pamene maso aona potulukira. Wolowa pa ngodya mwaukali amatuluka mochedwa, mwinanso satuluka n'komwe. Mabuleki nawo akatentha amafooka, choncho woyendetsa wanzeru amawasunga monga mayi amasungira ufa wa kumapeto kwa mwezi. Akulu adanena kuti kuthamanga sikufika, ndipo mwambiwu ndinaumvetsa bwino ndili m'kati mwa mpikisano.

Mantha analipo. Tsiku lina mnzanga amene anali patsogolo panga anaterereka pa oyilo, galimoto yake n'kugubuduzika katatu. Mbendera yofiira inakwera, tonse tinaima, ndipo amene tinkalimbana naye mphindi yapitayo tinathamangira kukamutulutsa. Anatuluka wamoyo, atangothyoka mkono, chifukwa cha mapaipi aja ndi malamba. Madzulo ake ndinafotokoza zonse kunyumba osabisa kanthu. Mayi anangofunsa ngati mapaipi a m'galimoto yanga anali olimba ngati akewo.

Sindinakhalepo woyamba. Kamodzi kokha ndinamaliza wachitatu, ndipo kachikho kake kadakali pa kabati. Kenaka nyengo inasintha. Mu 1973 malire athu ndi Rhodesia anatsekedwa, mafuta anakwera mtengo pa dziko lonse, ndipo pofika 1975 mtengo wa kopa unali utagwa. Zitsulo ndi matayala zinayamba kusowa, ndipo ambiri a ife tinasiya. Chidwi cha anthu chinatembenukira ku mipikisano ya m'misewu ya fumbi, kumene Satwant Singh anakweza dzina la Zambia pokhala katswiri wa Africa kasanu ndi katatu pakati pa 1988 ndi 2000.

Masiku ano ndikamayenda pa msewu wa Kitwe ndi Ndola, mtunda wa makilomita pafupifupi 60, mtima umandiwawa poona anyamata a minibasi akupikisana atanyamula amayi ndi ana. M'bwalo tonse tinkalowera kumodzi, magalimoto atayesedwa, othandiza pa ngozi ali chire, ndipo aliyense anali atavomera yekha kuika moyo wake pa chiswe. Pa msewu palibe mbendera, ndipo wokwera sanavomere kanthu. Iye walipira kuti akafike kwawo. Mdzukulu wanga atatenga laisensi, ndinamuonetsa kachikho kaja n'kumuuza kuti, "Mwanawe, ichi anandipatsa chifukwa ndinafika kumapeto."