Mphasa ya Nsanza ya ku Sunderland

Pamene ndinacoka kwathu ku Cipata kunka ku Mangalande kukaphunzira, ndinali kudziyesa munthu wodziwa Cingelezi. Mayeso onse ndinali nditapambana, ndipo dikishonale yanga inali yakuda m'mbali cifukwa ca kuitsegula-tsegula. Koma liu limodzi la m'kamwa mwa nkhalamba linandicititsa manyazi amene sindinaaiwale kufikira lero lino.

Ndinapeza pogona mu mzinda wa Sunderland, kumpoto ca kum'mawa kwa dzikolo, m'nyumba ya mai wina wamasiye. Amuna ao anagwira nchito zaka zambiri mu mgodi wa malasha wa Wearmouth, umene unatsekedwa m'caka ca 1993. Pamalo pake anamangapo bwalo la mpira lochedwa Stadium of Light, limene linatsegulidwa mu 1997. Tsiku lina la mvula ndinalowa m'nyumba ndi nsapato zamatope, ndipo maiwo anapfuula kuti ndisaponde pa "proggy mat" yao. Ine ndinangoti kakasi, phazi lina liri kale pa cinthu ca mawanga-mawanga coyalidwa patsogolo pa moto. Usiku ndinafuna liulo m'buku langa osalipeza, ndipo m'mawa mwake, mwa kupusa kwanga, ndinawauza kuti liu lotere mulibe m'Cingelezi. Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Mwana wanga, amai anga analinena liu limeneli, ndi agogo anga omwe. Nanga buku lakolo linali kuti masiku amenewo?"

Sanandikalipire. Madzulo anaturutsa mitengo inai yolumikizidwa monga mphuthu za citseko, nakungapo ciguduli kolimba. Pambali panali dengu la tinsanza todula-dula, kalikonse kautali monga cala ca munthu. Anatenga kamtengo kosongoka, naboola ciguduli, nalowetsa nsonga imodzi ya kansanza. Anaboolanso pafupi pomwepo, nalowetsa nsonga inzake, kotero kuti nsonga ziwirizo zinaturukira kunsi. Pa kalankhulidwe ka kumeneko "prog" ndiko kutosa, tsono mphasayo inatenga dzina lake ku nchito ya kutosayo. Ena amati "clippy mat" cifukwa ca tinsanza todulato. Ku Yorkshire mudzamva "proddy", kwina "peg rug", ndipo ku Scotland amati "clootie", pakuti kumeneko "cloot" ndiyo nsanza. Iriponso ina yochedwa "hooky", imene amaipanga pokoka nsaru zazitali ndi mbedza. Ndinakumbuka kuti ifenso timasiyanitsa mphasa ya bango ndi mkeka wa mlaza, ndipo mlendo wonena kuti zonsezi ndi cinthu cimodzi tikadamseka.

Anandifotokozera kuti m'midzi ya anthu a m'migodi pansi pa nyumba panali pozizira koopsa, ndipo ndalama zogulira zoyala za m'sitolo panalibe. Cifukwa cace cobvala sicinali kutaidwa. Cikamcepera mkulu cinali kupita kwa mng'ono, cikang'ambika cinali kupita ku lumo. Ana ndiwo anali kudula, akulu nkumatosa, usiku ndi usiku nyengo yonse ya cisanu. Mphasa yatsopano inali kuyalidwa patsogolo pa moto nthawi ya Krisimasi, yakale nkusunthidwira ku khomo la kuseri. Masiku ano nchitoyi imaonetsedwa kwa alendo ku Beamish, malo osungirako zinthu zakale m'cigawo ca Durham, m'tinyumba tonga ta anthu a m'migodi.

Potsiriza anandilozera mzere wakuda wozungulira m'mphepete mwa mphasa imene ndinaipondayo. Anati, "Iyi ndi jekete ya amuna anga, yopita nayo ku mapemphero." Matope anga anali atagwera pomwepo. Ndinasowa ponena, ndinangoti, "Pepani, amai," ndipo iwo anandipatsa kamtengo kaja kuti ndiyese.

Manja anga anali olemera, ndipo zala zinachita matuza usiku woyamba womwewo. Nthawi yanga yobwerera kwathu itayandikira, ndinapereka buluku langa lakale la khaki, limene ndinacoka nalo ku Cipata. Tinalidula tonse awiri, ndipo linalowa pa ngondya ya mphasa yatsopano. Mzere umene ndinatosa ine unali wokhota ndi wa mipata, kotero kuti ciguduli cinali kuonekera. Ndinapempha kuti ndiumasule ndi kuyambanso, koma maiwo anakana.