Kuchokera ku Farmers Boulevard kukafika pa bwalo la MetLife

Sabata yoyamba ya Seputembala 2024, anthu a ku New York anali ndi nkhani ziwiri pakamwa. Ligi ya NFL, ya mpira wa ku America uja amasewera atavala zipewa zolimba, inayamba Lachinayi pa 5, pomwe Kansas City Chiefs inagonjetsa Baltimore Ravens 27-20. M'mawa mwake mkhalakale pa nyimbo za rap, LL Cool J, anatulutsa The FORCE, chimbale chake cha nambala 14, patapita zaka 11 chitulutsireni china. Loweruka ndinapita kwawo kwa woimbayu, Lamulungu ndinakaonera mpira.

Sitima ya Long Island Rail Road imanyamuka pa Penn Station, kudutsa pa Jamaica, n'kukutula ku St. Albans m'dera la Queens. Kuno kulibe nyumba zosanjikizana zofika kumitambo zomwe timaziona pa kanema. Kuli nyumba za mabanja zokhala ndi kapinga pakhomo, matchalitchi, malo ometera ndi timalesitilanti ta anthu ochokera ku zilumba za Caribbean. Chakufupi kuli Addisleigh Park, komwe kunkakhala akatswiri monga Count Basie, Ella Fitzgerald ndi James Brown.

James Todd Smith, lomwe ndi dzina lake lenileni, anabadwa mu 1968 ndipo anakulira kuno m'nyumba ya agogo ake. Agogo aamunawo ndiwo anamugulira zipangizo zoyamba zojambulira nyimbo. Mu 1984, ali ndi zaka 16, anasayina mgwirizano ndi Def Jam, kampani yomwe inali ikungoyamba kumene m'chipinda chogona cha Rick Rubin pa New York University, ndipo chaka chotsatira anatulutsa chimbale cha Radio. Zitatero dzina linakula. Anasewera mu NCIS: Los Angeles kuyambira 2009 mpaka 2023, ndipo mu 2017 anakhala woimba rap woyamba kulandira ulemu wa Kennedy Center Honors.

Munthu wa mbiri yotere akanatha kungokhala pansi n'kumadyerera thukuta lakale. Iye anabwerera mu situdiyo, ndipo amene anamusankha kuti amukonzere zing'wenyeng'wenye ndi mwana mnzake wa ku St. Albans konkuno, Q-Tip wa gulu la A Tribe Called Quest. Pa Linden Boulevard, pomwe msewuwu ukumana ndi 192nd Street, pali khoma lojambulidwa nkhope za gululi, ndipo malowa anawatcha dzina la Phife Dawg, mnzawo amene anamwalira mu 2016. Alendo amaima pamenepo kujambulitsa, pomwe eni dera amangodutsa ndi majumbo awo a zogula.

Ndinayenda wapansi mu Farmers Boulevard, chimbalecho chili m'makutu. Mawu a bamboyu, amene anali ndi zaka 56, anali akadali akuthwa. Mu nyimbo ya Murdergram Deux akupikisana liwiro ndi Eminem osaphonya mpweya, ndipo m'nyimbo zina muli Nas, Snoop Dogg ndi Busta Rhymes. Imene inandiimitsa pamsewu ndi Black Code Suite, momwe mukumveka Sona Jobarteh wa ku Gambia, katswiri woimba kora, choimbira cha zingwe 21 cha kumadzulo kwa Africa. Chakumtunda, pomwe msewuwu ukumana ndi Liberty Avenue, pali chimwala chachikulu chopakidwa utoto wofiira, wakuda ndi wobiriwira. Mitunduyi inatchuka ndi gulu la Marcus Garvey mu 1920, ndipo Mmalawi aliyense akaiona amakumbukira mbendera ya kwawo.

Lamulungu pa 8 ulendo unali wolowera kumadzulo. Ngakhale timu ya Giants imatchedwa ya New York, bwalo lake la MetLife lili ku East Rutherford m'chigawo cha New Jersey, kutsidya kwa mtsinje wa Hudson. Munthu amakwera sitima ya NJ Transit pa Penn Station, n'kusintha pa Secaucus. M'sitimamo munali mothina ndi masapota ovala malaya abuluu, agogo, makolo ndi ana, ena atavala nambala 56 ya Lawrence Taylor amene anasiya kusewera kalekale.

Chisangalalo chimayambira panja, m'malo oimika magalimoto. Mabanja amafika m'mamawa, kutsegula kumbuyo kwa galimoto, kuyala mipando ndi kukoleza mbaula. Utsi wa nyama yowotcha unali tolotolo ngati pa kanyenya madzulo a tsiku la malipiro, ndipo mlendo akangoima pafupi amamupatsa mbale.

Tsikuli Giants imayamba chaka chake cha 100 mu ligi, poti Tim Mara anaikhazikitsa mu 1925. Osewera analowa atavala yunifolomu yapadera yotengera ya makolo awo, malaya ofiira okhala ndi mzere wabuluu pachifuwa. Bwalo lolowa anthu oposa 82,000 linagwedezeka ndi phokoso.

Malamulo ake si ovuta ukawazolowera. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera 11, timu imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mpira mayadi 10, ndipo kufika nawo kumapeto kwa bwalo ndi mapointi 6. Giants sinafikeko ngakhale kamodzi. Mapointi ake onse anachokera ku phazi la Graham Gano, pomwe Sam Darnold wa Minnesota Vikings, timu yomwe inkalimbana ndi Giants, ankaponya mpira mwaluso. Daniel Jones wa Giants ataponya mpira womwe Andrew Van Ginkel wa Vikings anauwakha n'kuthamanga nawo kukagoletsa, masapota anayamba kukuwiza timu yawo yomwe, ena n'kumatuluka masewero asanathe. Zinathera 28-6.

Chinawawa kwambiri ndi dzina la Saquon Barkley, lomwe linkamveka paliponse pamzere wodikira sitima. Mnyamatayu anasewerera Giants zaka zisanu ndi chimodzi asanapite ku Philadelphia Eagles, ndipo Lachisanu la sabata yomweyo anali atagoletsa katatu ku São Paulo, Eagles ikugonjetsa Green Bay Packers 34-29. Anthu a ku New York amalemekeza mbiri, koma tsikuli amafuna kuona ntchito ya lero. LL Cool J anawapatsa nyimbo zatsopano zoti aziweruze, pomwe Giants inawapatsa malaya akale ndi masewero ofooka, itatsala ndi masewero 16 oti ikonze zinthu.

Kwa okonda mpira wa miyendo kwathu, bwalo la MetLife ndi lomwe linasankhidwa kuchitirapo ndime yomaliza ya World Cup pa 19 Julayi 2026. Pa mpikisanowu bungwe la FIFA limafuna udzu weniweni m'malo mwa kapinga wapulasitiki ngati amene Giants inasewerapo tsikuli.