Kodi Nyumba ya ku Mukobeko Tiigulitse?

Pa Khirisimasi yapitayi ana athu atatu anakumana pakhomo pano kwa nthawi yoyamba m'zaka zinayi. Wamkulu, Yohane, anachokera ku Lusaka kumene amagwira ntchito yaukalaliki m'sitolo ya zitsulo. Tereza anachokera ku Solwezi kumene mwamuna wake amayendetsa galimoto la kumgodi. Wotsiriza ndiye akali nafe, akudikira malo ku koleji. Titabwerako ku Misa ndi kudya nsima, Yohane anaona kalata ya msonkho wa nyumba, umene kuno timautcha mareti, itapachikidwa pa msomali kunsi kwa chithunzi cha Mtima Woyera. Anaiwerenga mwakachetechete, ndipo atamaliza anati: "Atate, mukhululuke ngati ndilakwa. Tauni ino inafa kale. Mukulipira msonkho pa nyumba imene palibe mwana wanu adzakhalemo. Igulitseni, mubwere ku Lusaka pafupi ndi ife."

Amake Yohane sanayankhe kanthu, anangoyamba kusonkhanitsa mbale. Ife tinalonjeza kuti tiganizapo. Taganizapo miyezi ingapo tsopano, ndipo popeza tikudziwa kuti funso lomweli lili m'nyumba zambiri za akhristu anzathu, ku Bwacha, ku Chimanimani, ku Ngungu ndi kwina, taona kuti ndi bwino tiganize pamodzi nanu, owerenga okondedwa.

Tiyambe ndi kuvomera kuti mwanayo sananame kwenikweni. Kabwe ndi mwana wa mgodi ndi njanji. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka kuno m'chaka cha 1902, ndipo azungu anatcha malowa Broken Hill potengera mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906. Pamene Lusaka inali kasiteshoni chabe pakati pa tchire, kuno kunali kale chipatala, masitolo ndi anthu a mitundu yonse; damu la Mulungushi linayamba kupereka magetsi ku mgodi mu 1925, zaka khumi Lusaka isanakhale likulu la dziko. Tili anyamata, m'masiku a Kabwe Warriors ndi Godfrey Chitalu, munthu akati ndine wa ku Kabwe ankanena mutu uli m'mwamba. Kenaka mgodi unatsekedwa mu 1994. Ntchito za njanji zinachepa chaka ndi chaka. Fakitale ya nsalu ya Mulungushi inaima mu 2007. Amene tinalipo tinaona azibambo amphamvu atakhala pansi pa mkuyu waukulu wa pakati pa tauni kuyambira m'mawa mpaka madzulo, akudikira ndalama za penshoni. Ambiri a iwo tinawaika m'manda ndi manja athu, ndalamazo asanazione zonse.

Koma nkhani ya msonkho ndiyo inatigwira mtima, chifukwa banja lathu linafika kuno chifukwa cha msonkho womwewo. Malemu bambo athu anachoka ku Petauke m'zaka za m'ma 1950. Kumudzi kunali chimanga, mtedza ndi mbuzi, koma boma la atsamunda linkafuna ndalama, ndipo chitupa cha mwamuna aliyense chinkasonyeza ngati walipira kapena ayi. Ndalama inali ku njanji ndi ku migodi. Anatiuza kawirikawiri za sitiraka ya mu 1935 ku Mufulira, ku Nkana ndi ku Luanshya, imene inabuka boma litakweza msonkho wa anthu a m'matauni, ndipo anthu asanu ndi mmodzi anawomberedwa ku Luanshya. Iwo anali mwana pa nthawiyo, koma ankaifotokoza ngati analipo. Choncho pamene Yohane akuti tisamuke chifukwa cha kalata ya mareti, akungobwereza ulendo wa agogo ake. Ngakhale Yosefe woyera anayenda ndi Maria mpaka ku Betelehemu chifukwa cha kalembera wa boma. Nkhaniyi ndi yakale.

Tinatenga pensulo ndi kope, monga anatiphunzitsira ansembe ku sukulu ya mishoni, ndipo tinapempha ana onse awiri kuti atiuze moona za ndalama zao. Choyamba chimene tinapeza n'chakuti misonkho yaikulu ya boma siisankha tauni. Msonkho wodulidwa pa malipiro ndi umodzi ku Lusaka, ku Solwezi ndi kuno. M'chaka cha 2024 ma K5,100 oyamba pa mwezi sankadulidwa kanthu, kaya munthu akhale ku Kabulonga kapena ku Makululu. Msonkho wa VAT, umene unayamba mu 1995, uli mu sopo ndi m'malata kulikonse mofanana. Ngakhale ndalama imene Yohane amatitumizira pa foni, kuyambira mu 2024 boma limatapako pang'ono. Zonsezi zimapita m'thumba limodzi, ku likulu.

Kusiyana kuli pa zinthu zimene sizitchedwa msonkho koma munthu sangazithawe. Yohane ndi mkazi wake ndi ana atatu amakhala m'zipinda ziwiri za lendi, ndipo lendiyo imadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro ake. Amakwera minibasi iwiri popita ku ntchito ndi iwiri pobwerera. Amachoka kusanache, amafika ana atagona. Tomato, rape, chibwabwa, zonse n'zogula. Mvula ikachuluka madzi amalowa pabwalo, ndipo mu Januwale 2024, pamene kolera inavuta mpaka bwalo la masewero la Heroes linasanduka chipatala, apongozi athu aakazi anagona masiku atatu kumeneko. Mulungu anawachitira chifundo. Ife tinati kwa Yohane: "Mwana wanga, iwenso ukulipira mareti, koma ukulipirira eni nyumba, ndipo risiti ili m'dzina lao." Anaseka, koma sanatsutse.

Sitikunyoza Lusaka. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka, pamene boma la Kabwe linali ndi anthu pafupifupi 300,000. Anthu onsewo sanapite kumeneko mopusa. Kumene kuli anthu ambiri ndiye kuli wogula, kuli ganyu, kuli dokotala wa matenda ovuta. Mnyamata wodziwa kuwotcherera zitsulo angapeze ntchito ku Lusaka sabata yomweyo. Kuno angathe chaka. Pa ichi Yohane ali ndi mfundo yolimba, ndipo ife tilibe yankho.

Nkhani ya Tereza ndiyo inatikhalitsa chete kwa nthawi yaitali. Solwezi inali boma laling'ono mpaka mgodi wa Kansanshi unatsegulidwanso cha mu 2005, kenaka Lumwana, kenaka Kalumbila. Tsopano akuti munthu akachokako miyezi isanu ndi umodzi amasochera pobwerera chifukwa cha nyumba zatsopano. Mkamwini wathu amalandira ndalama zimene ife sitinazigwirepo m'zaka zonse za ukatekisiti. Koma Tereza akamafotokoza, ife timamva mawu a malemu amayi athu akufotokoza Broken Hill ya m'ma 1960: ndalama zambiri pa tsiku la malipiro, mitengo ya zinthu yokwera, mabala odzaza, anthu ochokera kutali opanda achibale owadzudzula, ndiponso chikhulupiriro chakuti mwala wa pansi sudzatha. Wathu unatha patapita zaka pafupifupi 90. Tinamufunsa Tereza ngati agula kale poloti. Anati akuganizira. Tinamuuza kuti aganizire msanga, ndipo asagule pafupi ndi kumene amataya zotsala za mgodi.

Apa tiyenera kunena chinthu chowawa, chifukwa tikachibisa ndiye kuti tikukunamizani. Paja akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mgodi unapita koma unasiya mtovu m'dothi. Ku Kasanda, ku Chowa, ku Makululu ndi madera ena oyandikana ndi milu ya zotsala, fumbi la m'chilimwe limalowa m'nyumba, ana amasewera pansi ndi kuika zala m'kamwa, ndipo mtovu ukalowa m'magazi a mwana umaononga nzeru zake mwakachetechete. Mabungwe a kunja akhala akutchula Kabwe pakati pa malo oipitsidwa kwambiri pa dziko lonse. Mu 2020 mlandu unaperekedwa ku bwalo lalikulu la ku Johannesburg m'dzina la amayi ndi ana a kuno wotsutsa kampani ya Anglo American, imene imakana kuti ndiyo inali mwini kapena woyendetsa mgodi. Mu Disembala 2023 bwalolo linakana kuti mlandu upitirire monga wa gulu, ndipo odandaula anachita apilo. Ife a ku Mukobeko tili patali ndithu ndi milu ija, koma m'makalasi a katekisimu takhala tikuona ana ena amene pemphero lalifupi limawatengera miyezi, ndipo kale tinkawadzudzula kuti ndi aulesi. Tikakumbukira timachita manyazi. Msonkho umenewu sunalembedwe pa kalata iliyonse, ndipo akuulipira ndi ana amene anabadwa mgodi utatsekedwa kale.

Tibwerere ku kalata ya pa msomali. Chifukwa chiyani mareti amatiwawa chonchi ngakhale ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi lendi ya Yohane? Mu 1996 boma linalamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa amene ankakhalamo, ndipo pambuyo pake nyumba za makampani a boma zinatsatira. Ambirife tinavina, ndipo tinali ndi chifukwa: kwa nthawi yoyamba mwana wa munthu wa chitupa anakhala mwini nyumba m'tauni. Koma makhonsolo anataya lendi imene inkawathandiza kukonza misewu ndi kutaya zinyalala, ndipo m'tauni ngati yathu anatayanso olipira aakulu pamene mgodi unatsekedwa. Anatsala ndi ife: opuma pa ntchito, amasiye, ogulitsa makala. Tauni yolemera imatolera kwa masitolo aakulu ndi mafakitale. Tauni yosauka imatolera kwa agogo. Munthu akaona msewu uli ndi maenje amati sindilipira, ndipo akapanda kulipira maenje amakula. M'miphakati yathu timadziwa bwino mchitidwe umenewu, chifukwa ndi womwewo wa mtulo: amene amadandaula kwambiri kuti denga la tchalitchi likudontha kawirikawiri khadi lake la mtulo ndi loyera. Tanena izi tikudziwa kuti ifenso kalata yathu inapachikidwa miyezi isanu.

Ndalama za chitukuko za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni mu 2021 kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022 pa dera lililonse la phungu, ndipo pa nthawiyo Kabwe inali ndi madera awiri, Kabwe Central ndi Bwacha. Iyi ndi njira imodzi imene msonkho wopita ku likulu ungabwerere kwathu. Koma pa misonkhano ya m'mawadi yosankha zochita ndi ndalamazo, akhristu amene amadzaza tchalitchi Lamulungu saoneka. Ifenso tinapitako kamodzi kokha.

Kodi tsono tauni inafadi? Ife tikuona kuti ikukula, koma mwa njira imene mwana wozolowera Lusaka sangaione pa masiku atatu a Khirisimasi. Yunivesite ya Mulungushi inakhazikitsidwa mu 2008, ndipo koleji ya aphunzitsi ya Nkrumah inasanduka yunivesite. Amayi ambiri amasiye akudya lero chifukwa chosunga ophunzira m'zipinda zao. Mu 2011 Kabwe inakhala dayosizi payokha, Ambuye Clement Mulenga nakhala Episkopi wake woyamba, pamene kale zathu zonse zinkapita ku Lusaka. Alimi a ku Chibombo ndi ku Kapiri Mposhi amagula ndi kugulitsa kuno. Tili pa msewu waukulu, makilomita pafupifupi 140 kuchokera ku likulu, ndipo malo amene tili ana tinkasakako mbewa tsopano ali ndi maziko a nyumba. Ngakhale dzina la Mukobeko, limene tikalitchula ku misonkhano ya makatekisiti anzathu amafunsa moseka kuti mwatuluka liti, lapepukako kuyambira mu Disembala 2022 pamene chilango cha kunyonga chinathetsedwa. Amene timalowa m'ndendemo kukapemphera ndi abale athu tikudziwa kusiyana kwake.

Kukula kotere n'kwapang'onopang'ono, ndipo sikungapatse ntchito ana onse amene timabatiza. Pa ana khumi amene tinawakonzekeretsa Ulimbitso zaka khumi zapitazo, mwina atatu okha ndiwo akali m'parishi. Ife timalera, timaphunzitsa, ndipo akafika pa msinkhu wolipira msonkho ndi mtulo amakalipira kwina. Izi zimatipweteka kuposa kalata ija.

Sabata la Phulusa tinakalipira theka la mareti, ndipo theka linalo tinagwirizana kuti tidzamaliza tikagulitsa nkhuku. Tinalembera Yohane kuti nyumba sitigulitsa chaka chino, ndi kuti za chaka chamawa sitilonjeza, pakuti mawondo a amake ayamba kuvuta ndipo tsiku lina tidzafuna kukhala pafupi ndi mwana. Sanayankhe kwa masabata awiri. Amene anaimba foni ndi mkazi wake. Atapereka moni anati: "Atate, tamva. Koma tili ndi pempho. Mwana wanu wamkulu uja akuyamba sekondale chaka chamawa, ndipo kuno m'zipinda ziwiri alibe powerengera. Kodi angabwere kudzakhala ndi agogo ake?" Amake Yohane, amene anakhala chete kuyambira pa Khirisimasi, anatilanda foni m'manja nayamba kufunsa saizi ya nsapato za mwanayo. Mawa lake anatituma kukafunsa mtengo wa matumba awiri a simenti, akuti pabwalo pamene mdzukulu azidzakhala pasakhale fumbi.