Mapadi a gemu: phunziro la ku Makoni ndi mbiri ya SCUF

Sabata yatha mlongo wina anafunsa ngati mapadi a PlayStation ndi katundu woyenera kuoda ku Joni. Ena anati amayenda, ena anati n'kutaya ndalama. Ife tinakhala chete chifukwa yankho lathu silikwana m'mizere iwiri. Lero basi yathu yaima pamzere pa Beitbridge, mpata ulipo, ndiye tiyeni tikambirane.

Ife ndi mayi akunyumba timachita geni ku Chitungwiza. Katundu wathu wa masiku onse ndi mabulangete, mapoto ndi timachaja ta foni. Amene mumadziwa Makoni, Zengeza, St Mary's kapena Chikwanha mwaonapo timashopu ta gemu: chipinda chimodzi, ma TV awiri kapena atatu, PS4, ndi anyamata odzaza mpaka pakhomo kudikira kusewera mpira wa FIFA. Amalipira pa gemu iliyonse. Magetsi akakhalapo, padi imodzi imadutsa m'manja ambirimbiri kuyambira m'mawa mpaka usiku. Eni mashopuwa amangokhalira kufuna mapadi atsopano. Tinaona msika, mtima unathamanga.

Ulendo wina tinalowa m'shopu ina pakati pa Johannesburg n'kupeza mapadi m'mabokosi okongola, ofanana ndendende ndi enieni, mtengo wake osafika ndi theka lomwe. Tinatenga 30. Sitinayese ngakhale imodzi, chifukwa basi inali pafupi kunyamuka. Msonkho tinalipira bwinobwino paboda. Tisanathe sabata onse anali atapita, ena pa ngongole. Tinagona tikuwerenga phindu.

Sabata yachitatu anayamba kubwerera. Ina batire yake inkatha gemu isanathe. Ina batani la R2 linalowa mkati osatulukanso. Ambiri anali ndi vuto limodzi: munthu sanakhudze kamtengo kowongolera, koma wosewera wa pa TV akuthamanga yekha kulowera kukona. Bambo wina wachikulire, mwini shopu ku Zengeza, amene wakhala akutigula mabulangete zaka zambiri, anabweretsa mapadi ake asanu m'jumbo. Sanakalipe. Anangoti, "Achimwene, ana akukana kulipira, akuti padi ndi imene yawagonjetsa. Mwandiika pati?" Mawu amenewo anatipweteka kuposa kutukwanidwa. Tinabweza ndalama kwa aliyense. Mpamba wa ulendo wa Disembala unathera pomwepo, ndipo fizi ya Januwale tinachita kukongola.

Mapadi obwezedwawo tinapita nawo kwa mnyamata wina wokonza mafoni pafupi ndi Makoni, poganiza kuti mwina tipulumutsapo angapo. Anatsegula yathu imodzi ndi ina yeniyeni n'kuziika pamodzi. Yathu inali yopepuka, batire kakang'ono, mawaya omata mwachisawawa. Anatifotokozera kuti pansi pa kamtengo kaja pali tizitsulo timene timakhulana nthawi zonse chala chikamayenda. Tikaperepeseka kapena fumbi likalowa, padi imayamba kunama kuti chala chikukankha pomwe palibe. Ngakhale yeniyeni imafika pamenepo, koma patapita nthawi. Feki imafikapo m'masiku ochepa.

Kenako anatulutsa padi ina imene anali kukonzera kasitomala wosewera Call of Duty. Kumbuyo kwake anali ataboola n'kuikako mabatani awiri. Tinafunsa kuti zimenezi n'zachiyani. Iye anaseka n'kunena kuti nzeruyo si yake, ndi ya kampani yotchedwa SCUF. Usiku umenewo tinakhala pa foni kuwerenga za kampaniyo, ndipo mbiri yake ndi imene inasintha geni yathu.

SCUF Gaming inayamba mu 2011. Anaiyambitsa ndi Duncan Ironmonger ndi Simon Burgess, ndipo likulu lake linakhazikika pafupi ndi Atlanta ku America. Anthuwa sanayambe ndi kupanga makina a gemu ayi. Ankatenga padi yopangidwa kale ndi kampani yaikulu, monga ya Xbox 360, n'kuisintha. Chimene anaona n'chaching'ono kwambiri. Pa gemu yowomberana, chala chachikulu chakumanja ndicho chimalozetsa mfuti. Koma ukafuna kudumpha, chala chomwecho chiyenera kuchoka pa kamtengo kupita pa batani. Kanthawi kameneko n'kokwanira kuti mnzako akuwombere. Pomwe kumbuyo kwa padi kuli zala zimene zimangogwira, osachita kanthu. Iwo anaika timapanga kumbuyoko kuti zala zongokhalazo zigwire ntchito, chala chachikulu chisachoke pamalo pake. Anafupikitsanso ulendo wa mabatani owombera, n'kulola wogula kusankha kutalika kwa timitengo ndi mtundu wa padi yake. Osewera mipikisano ya Call of Duty anaikonda, ndipo dzina linafalikira kudzera mwa iwo.

Nzeruyo anailembetsa mwalamulo kuti ndi yawo, kudzera m'kampani yawo ina yotchedwa Ironburg Inventions, dzina lophatikiza maina a awiriwo. Mu 2015 Microsoft itatulutsa padi ya Xbox Elite yokhala ndi timapanga kumbuyo, inagwirizana ndi SCUF kuti igwiritse ntchito nzeru zawo mwachilolezo. Mu Disembala 2019 kampani ya Corsair inalengeza kuti ikugula SCUF. Mu February 2021 khothi la ku Seattle linagamula kuti Valve ilipire ndalama zoposa madola 4 miliyoni chifukwa cha mabatani akumbuyo a Steam Controller, ngakhale mlanduwo unapitirira ndi apilo. Sony nayo mu Januwale 2023 inatulutsa DualSense Edge, ya mabatani kumbuyo. Taonani: makampani akuluakulu eni makina anadzatsatira anthu amene anayamba ndi kutsegula padi ya eni ake.

Titawerenga zimenezi tinachita manyazi. Anthu aja anakhala pansi kuyang'ana zala za wosewera mpaka anapeza pamene pamamupweteka. Ife tinangoyang'ana bokosi ndi mtengo. Sitinalowepo m'shopu ya gemu n'kukhala ola limodzi kuona mmene padi imavutikira. Tikanafunsa bambo wa ku Zengeza uja tisanapite, akanatiuza kuti iye safuna padi yotchipa, akufuna padi yoti isaime Loweruka masana ana atadzaza. Safunsa anadya phula, ndipo ife tinalidya lonse.

Ulendo wotsatira tinapita ndi kapepala kolembedwa ndi mnyamata wokonza uja. Sitinagule padi ngakhale imodzi. Tinagula zamkati: timitengo tosinthira, timalabala ta pansi pa mabatani, mabatire, timabowo tochajira, tizipewa ta zala ndi zingwe zolimba. Zonse zinakwana m'kachikwama kamodzi. Tinapezanso timitengo ta mtundu wa Hall effect, timene timagwira ntchito ndi maginito m'malo mokhulana, ndiye sitiperepeseka msanga. Iye amakonza, ife timabweretsa zipangizo, eni mashopu amalipira zochepa kuposa kugula padi yatsopano. Phindu pa kanthu kamodzi ndi lochepa, koma palibe chimabwerera m'jumbo. Bambo uja anayambanso kutipatsa moni patapita miyezi, ndipo chisanu chathachi anagula mabulangete awiri.

Tsono kwa mlongo amene munafunsa, ndi ena amene mukuganiza zomwezo, nazi zimene timachita ife tsopano.

Musagule padi imene simunaiyese. Ya PS4 imalumikizana ndi foni kudzera pa Bluetooth, ndiye yesani batani lililonse pomwepo pakauntala, kenako siyani timitengo muone ngati pali chikuyenda chokha. Wogulitsa akakana kutsegula bokosi, tulukani.

Gwirani yeniyeni kaye kuti dzanja lidziwe kulemera kwake. Bokosi ndi zolembalemba amakopera mosavuta, kulemera n'kumene kumawavuta.

Funsani kasitomala makina amene ali nawo. Padi ya PS4 imachajidwa ndi micro-USB, ya PS5 ndi USB-C, ndipo padi ya PS4 siseweretsa magemu a PS5.

Ngati mwasankha zotchipa, zigulitseni monga zotchipa, ndipo muuzeni wogula. Katundu wonamizira dzina la kampani ina akhoza kulandidwa paboda, ndipo akadutsa paboda amadzakugwirani kwanu.

Tengani lisiti, ndipo pa ulendo woyamba musapitirire zisanu.

Inu madalaivala amene mumatinyamulira katundu, chonde mabokosi a mapadi ndi mabatire asakhale padzuwa kapena pafupi ndi injini. Kutentha kwa ku Musina ndi Beitbridge kapena kwa ku Tete mumakudziwa nokha, ndipo batire silikondana nako.

Chomaliza, pezani wokonza wa m'dera lanu mucheze naye musanaode chilichonse cha magetsi. Amadziwa chimene chimafa msanga kuposa wogulitsa aliyense wa ku Joni. Wathu uja tsopano akuika mabatani kumbuyo kwa mapadi a anyamata ochokera mpaka ku Harare, ndipo pa kapepala ka ulendo uno watilembera timaswitchi 20.

Mzere wayamba kusuntha. Amene muli ndi mafunso lembani m'munsimu, tiyankha tikawoloka. Muyende bwino nonse.